Nsomba za Loweruka

Uthenga wa Riekelt unalowa pafoni Jantine ali m'galimoto panja pa ofesi, manja ali pa chiwongolero, injini asanailize.

"Amayi avomera. Akuti ubwere mawa udzamwe khofi. Usavale thalauza."

Chaka chathunthu Jantine anakhala akudikira mawu amenewa. Chaka chathunthu Riekelt, chibwenzi chake, ankayenda naye mozemba ngati wanyamula katundu wakuba: kumzinda wa Den Helder inde, kumalo odyera akutali inde, koma kumudzi kwawo ku Wierdam ayi. Ku Wierdam mwamuna aliyense ndi msodzi, kapena mwana wa msodzi, kapena dzina lolembedwa pa khoma la anthu omira. Ndipo onsewo amadana ndi chinthu chimodzi: makina a mphepo opanga magetsi amene dziko la Holland ladzala m'nyanja, momwe makolo awo ankakokamo makoka. Jantine ankagwira ntchito ku kampani yoyala nthambo za magetsi kuchokera ku makinawo kufika kumtunda. Iyeyo nthambo sankazikhudza n'komwe. Yake inali yosankha kampani yoti ikayeze pansi pa nyanja nthambozo zisanayalidwe. Koma kwa anthu a ku Wierdam zonsezo n'chimodzimodzi.

Uthengawo unayenera kumusangalatsa. M'malo mwake unamuopsa.

Masana omwewo anali atatsegula mapepala a makampani awiri olimbirana ntchito yoyezayo. Kampani iliyonse inatchula maboti amene idzagwiritse ntchito. Pa mayina a kampani yoyamba panali dzina limene Jantine ankalidziwa bwino, lolembedwa ndi penti yoyera pamphumi pa boti labuluu: Lubbetje. Dzina la amayi ake a Riekelt. Boti la banja lawo.

Lamulo la ntchito yake ndi losavuta kumva. Wosankha salankhula za mpikisano ndi wopikisana, salandira kwa iye kanthu ngakhale bolopeni, ndipo ngati ali naye pachibale kapena pachibwenzi amanena poyera. Jantine anasaina kale kuti alibe ubale ndi aliyense, ndipo tsiku losainalo zinali zoona. Lero sizinalinso zoona. Anayenera kukagogoda kwa abwana ake nthawi yomweyo. Anafikadi pachitseko, n'kubwerera. Lolemba, anadziuza. Anthu amantha onse amalikonda Lolemba.

Anayankha uthenga wa Riekelt kuti, "Ndibwera. Koma tikumane kaye awiri, kukhoma."

* * *

Khoma la anthu omira lili kumapeto kwa doko, pomwe mphepo imakuvula chipewa osapempha. Riekelt anaima pafupi ndi dzina la mkulu wake Fokke, monga amachitira Loweruka lililonse akachoka kunyanja. Mwamuna wamtali, wa manja ong'aluka ndi mchere, ndolo yagolide ili kukhutu limodzi.

"Siketi yakukhala bwanji! Ndimayesa unabadwa ndi thalauza," anatero atamuona Jantine.

"Usandiseketse. Uli ndi chondiuza?"

Riekelt anamuyang'ana, kumwetulira kuja n'kuzilala pang'onopang'ono.

"Waona."

"Sindinaone kanthu. Sindiloledwa kukuuza kuti ndaona kanthu, ndipo kuima pano ndi iwe ndikuswa kale lamulo. Riekelt, mutu wako ukugwira?"

"Ndinakubisira dala. Ndinkafuna usadziwe, kuti pasadzakhale wokuloza chala."

"Ndiye unkaganiza kuti mapepalawo awerenga ndani? Mphaka?"

"Muli anthu ambirimbiri mu ofesi mwanumo. Ndikanadziwa bwanji kuti agwera iwe?"

"Ukanafunsa."

"Unandiletsa wekha kufunsa za ntchito yako."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinamupsetsa mtima kwambiri.

Riekelt analoza ndi chibwano mbali ya doko yomwe inali mbee. "Taona uko. Chaka chatha pamenepo panali maboti okhaokha. Apita kukadulidwa zitsulo. Malo osodza atha, mafuta akwera. Ndikapanda kulipezera ntchito ina boti lija, nalonso likadulidwa, dzina la Amayi lili pamphumi."

"Bambo ako akudziwa?"

Riekelt anapukusa mutu.

"Bambo anati tsiku limene boti lawo lidzatumikire anthu a mphepo, adzaliboola pansi ndi manja awo. Sanena zocheza, Jantine. Sadziwa kucheza."

"Ndipo iwe unawerenga zonse? Ntchitoyo ndi yofufuza mabomba a nkhondo yakale amene akwiririka mumchenga. Boti laling'ono ndi limene limatsogola, likukoka makina ofufuzira. Miyezi yonse yachisanu. Ndi Lamlungu lomwe."

"Ndinawerenga."

"Ndinalemba ndine zimenezo! Ndinakhala pampando wofewa, khofi ali apa, n'kulemba kuti boti lisapume Lamlungu chifukwa nthawi yachepa. Sindinkadziwa kuti ndikulembera iwe."

Maso ake anagwera pakhoma. Pansi pa mayina omaliza panali malo osalala, opanda kanthu. Amene anamanga khomalo anali anthu odziwa nyanja: anasiya malo ambiri.

Riekelt anamugwira dzanja. "Lero lokha. Usanene kanthu kwa Bambo. Ndidzawauza ndekha ntchito ikapezeka. Lero Amayi atsegula chitseko, tisachitseke tokha."

"Chabwino. Khofi ndimwa, chifukwa khofi amamwa aliyense. Koma m'nyumba mwanu sindituluka ndi kanthu m'manja. Ngakhale kachidutswa ka keke kokulunga. Zikangoonekera, dzina lake ndi ziphuphu: ine ntchito yatha, boti lako alichotsa pampikisano."

Riekelt anayamba kuseka, kenako analeka mwadzidzidzi.

"Nsomba," anatero.

Jantine anali atamva kale za mwambowo. Loweruka lililonse boti likabwera, msodzi amapatula nsomba zosagulitsa, ndipo mayi wa panyumba amazigawa kwa anthu ake: ana okwatiwa, amasiye a m'banjamo, abusa. Si mphatso wamba. Wopatsidwa thumba ndi wa m'banjamo. Wosiya kupatsidwa amadziwa yekha kuti watuluka, safunika kuuzidwa. Ndipo chikhalire mudziwo palibe anabwezapo thumba.

"Sangakupatse lero," Riekelt anatero, ngati akudzilimbitsa yekha. "Mkazi wa Fokke anadikira mpaka atavala mphete. Amayi si opupuluma."

"Ukunena zoona?"

"Ndikuwadziwa amayi anga. Tiye. Ndipo galimoto usaikhome. Kuno ukakhoma galimoto pakhomo pa munthu, wamutcha wakuba."

* * *

Amene anatsegula chitseko sanali amayi a Riekelt. Anali mtsikana wa tsitsi lofiirira lomangidwa kumbuyo, atavala epuloni ngati mwini khitchini.

Ameneyu ndi Geeske, mwana wa nyumba yoyandikana nayo. Iye ndi Riekelt anakulira limodzi, ndipo mudzi wonse unawakwatitsa kale m'mutu akadali ku Sande sukulu. Riekelt yekha ndi amene sanafunsidwe.

"Riekelt, Bambo ali kushedi, akuti ukawaitane," anatero Geeske. Anadikira kuti mnyamatayo akhote pangodya, n'kutembenukira kwa mlendo. "Ndinu amayi a mphepo aja? Takulandirani. Ndimaganiza kuti ndinu wamng'ono kuposa pamenepa."

"Ndipo inu ndinu Geeske. Ndimaganiza kuti mumakhala kwanu."

Geeske anaseka, kuseka kwa pakamwa pokha. Anamulandira jekete n'kulipachika bwinobwino, akulisalaza mapewa.

"Mlongo wanga nayenso waika boti lake pampikisano wanu uja, mukudziwa? Ndi kampani inayo. Padoko la ku Den Helder nkhani siibisika. Amuna amenewa akamwa amalongolola kuposa ife."

Jantine nkhope sanaisinthe. "Sindilankhula za ntchito."

"Ayi ndithu, ndikudziwa. Malamulo anu ndawawerenga, ali pa intaneti. Koma ndiye okhwima! Ngakhale bolopeni?" Anapukusa mutu ngati womva chisoni. "Lowani, achemwali. Khofi azizira."

* * *

Chipinda chochezera chinali chaukhondo wochititsa mantha. Baibulo lalikulu pa kabati, chithunzi cha Fokke pakhoma, makapu a alendo amene satuluka wamba. Amayi Lubbetje, mayi wamfupi wa milomo yothina, anathira khofi osayang'ana mlendo kumaso. Bambo Hessel anakhala kumutu kwa tebulo, manja awo aakulu atawayala ngati akuletsa tebulolo kuthawa.

"Mumapemphera kuti, mayi?" anafunsa bamboyo.

"Pamaliro ndi paukwati, Bambo."

Riekelt anatsamwa ndi khofi. Geeske anayang'ana kudenga.

"Hmm. Nanga makina anuwo akamazungulira Lamlungu, magetsi ake mumawaika padera?"

"Ayi, timasakaniza. Ketulo yanuyo siifunsa kuti magetsi anabadwa tsiku lanji."

Pangodya ya pakamwa pa Bambo Hessel panagwedera pang'ono. Kaya kunali kuseka kaya kukwiya, palibe akanadziwa.

"Pakamwa muli napo," anatero. Kenako analoza chithunzi ndi mutu. "Mwana wanga uyo ali pansi penapake m'nyanjamo. Sitinamupeze. Pakhoma paja pali dzina lokha. Tsono inu mukufuna kukumba mchenga umene wagonamo, kuti anthu a mumzinda aziwotha."

Jantine anaika kapu pansi.

"N'chifukwa chake timayeza kaye tisanakumbe, Bambo."

"Ndipo mukamupeza?"

"Timaima. Boti lomira likaoneka, ntchito imaima, nthambo imalambalala, ndipo abale amauzidwa. Sitidutsa pa munthu."

Apa ndi pamene Amayi Lubbetje anamuyang'ana koyamba. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamukankhira mbale ya keke.

"Idyani. Mwaonda ngati mlongoti."

Mtima wa Jantine unayamba kukhazikika. Anadya keke, anayankha za makolo ake, anaseka nkhani ya mmene Riekelt anagwera padoko tsiku la ukwati wa mkulu wake atavala suti yobwereka. Anayamba kukhulupirira kuti atuluka m'nyumbamo wamoyo. Sanaone n'komwe pamene mayiyo anadzuka kupita kukhitchini.

Anabwera atanyamula thumba loyera ndi manja awiri, madzi oundana akulira m'kati.

"Ine sindine wofulumira," anatero Amayi Lubbetje, mawu awo ali ouma ngati akuwerenga chilengezo kutchalitchi. "Ndinati ndikuoneni kaye miyezi ingapo. Koma Geeske wandiuza m'mawa uno kuti, Amayi, musaumitse mtima, mwana wanu wasankha. Ngati mwana uyu, amene ali ndi chifukwa chodandaulira, angalankhule choncho, ine ndine yani? Landirani. Ndi zimene wabwera nazo Riekelt lero."

"Dikirani, Amayi, ndijambule," anatero Geeske, foni ili kale m'mwamba. "Tsiku lalikulu ili."

Jantine anaimirira. Akalandira, chithunzicho chifika kwa abwana ake iye asanafike, boti lichotsedwa, ndipo likadulidwa zitsulo chifukwa cha iye. Akakana, wamenya mbama mayi amene wangomutsegulira chitseko. Akafotokoza chifukwa, bambo uyu adziwa chimene mwana wake wachita ndi boti.

Panali munthu mmodzi yekha amene akanamumasula. Anamuyang'ana. Riekelt anali akuyang'ana m'kapu mwake ngati mwagwera chinthu chamtengo wapatali.

Jantine anaika manja kumbuyo.

"Sindingalandire, Amayi."

"Ndi zabwino. Sizinagone n'komwe."

"Ndikudziwa."

"Kapena simudya nsomba?"

Kameneko kanali kakhomo kothawira, ndipo Riekelt anadzutsa maso kumuchonderera kuti atulukirepo. Bodza laling'ono, la mawu awiri. Koma Jantine anaona kutsogolo kwake: zaka zonse za Loweruka m'nyumba ino akunamizira kuti nsomba zimamudwalitsa, ndi tsiku limene mayiyu adzadziwe.

"Ndimadya. Ndimazikonda kwambiri. Koma lero sindingalandire, ndipo chifukwa chake sindingakuuzeni."

Manja a Amayi Lubbetje anakhalabe otambasuka. Dontho la madzi linagwa kuchoka ku thumba, n'kugwera pa kapeti yoyera ija. Kenako mayiyo anaika thumbalo patebulo pang'onopang'ono, anapukuta manja pa epuloni, n'kukakhala pansi pa chithunzi cha Fokke, nkhope atalozetsa kukhoma.

Bambo Hessel anakankha mpando. Anatenga fodya wawo, ananyamula thumba lija ndi chala chimodzi, n'kutuluka. Aliyense anadziwa kumene nsomba zokanidwa zimapita: kwa amphaka a padoko.

"Ndikatsuke makapu," anatero Geeske mwaulemu, n'kulowa kukhitchini, kumene zenera lake limayang'ana kumsewu.

Jantine anatsanzika. Palibe anamuyankha. Riekelt anamutsatira mpaka pomwe panapachikidwa jekete, n'kumugwira pamkono.

"Ukananama!" ananong'oneza. "Mawu awiri okha!"

"Iwe ukanalankhula."

"Ndinakuuza kuti lero ayi."

"Unandiuzanso kuti amayi ako ukuwadziwa. Ndisiye, Riekelt. Pita ukawatonthoze. Geeske asakutsogolere, ndi wachangu."

* * *

Anayendetsa galimoto osaona kumene akupita, mpaka anafika pamsewu wa pamwamba pa chitunda chotchinga nyanja. Anaima pambali, n'kuzimitsa injini.

Sanalire. Jantine si wolira. Anangokhala, akuyang'ana makina a mphepo ali ndandanda kutali m'madzi, mapiko awo akuzungulira mosalabadira za munthu. Ntchito waipulumutsa. Boti walipulumutsa. Chinsinsi cha mwamuna wamantha wachisunga. Chimene wataya ndi chokhacho chimene anapitira ku Wierdam.

Foni inalira. Riekelt. Anaisiya ilire mpaka inaleka. Inayambanso.

"Ukufuna chiyani?"

"Jantine! Sukhulupirira!" Mawu ake anali a munthu amene wathamanga. Anali akuseka. "Uli kuti? Ima kaye, tayang'ana kumpando wakumbuyo."

Asanatembenuke n'komwe, mphuno inamuuza. Fungo la mchere ndi nyanja, limene ankaganiza kuti likulowera pazenera.

Thumba loyera lija linali pampando, litakhazikidwa bwinobwino pa nyuzipepala kuti lisanyowetse nsalu.

"Bambo sanataye!" Riekelt anapitiriza. "Anakaika m'galimoto mwako. Abwera m'nyumba n'kuuza Amayi kuti, Lubbetje, pukuta nkhope. Mkazi amene angakuyang'ane m'maso n'kukana osanama, pamene bodza lili pafupi chotero, ameneyo sadzanama m'nyumba muno. Zifukwa zake ndi zake. Akuti ndiwe wathu, ufune usafune. Akuti mawa ubwere kutchalitchi, udzakhale pa benchi yathu, mudzi wonse uone. Bambo, Jantine! Bambo anga anena zimenezo!"

Kwa kanthawi kochepa, kochepa kwambiri, chimwemwe chinamudzadza. Kenako chinatha.

"Riekelt. Ukumva zimene ukunenazo? Nsomba za boti lako zili m'galimoto mwanga."

Kuseka kuja kunatha.

"Sunalandire ndiwe," anatero mwapansipansi. "Ndipo palibe waona."

Foni inanjenjemera pakhutu pake. Uthenga, wochokera ku nambala yachilendo. Anaichotsa pakhutu n'kutsegula.

Chithunzicho chinajambulidwa kudzera pazenera la khitchini. M'mphepete munkaoneka katani yamaluwa. Bambo Hessel atawerama, chitseko cha galimoto chili chotsegula, thumba lili m'manja. Nambala ya galimoto inkawerengeka bwinobwino. Ngakhale chikwangwani chaching'ono cha kampani pagalasi chinatuluka.

Pansi pake panali mawu.

"Chatuluka bwino, eti achemwali? Mawa pa benchi ya a Hessel ndikhala ine, monga ndakhalira zaka zonsezi. Mukangoonekera pakhomo la tchalitchi, chithunzichi chipita kwa abwana anu nyimbo yoyamba isanathe, ndipo a Hessel amva kwa ine kumene boti lawo likupita. Nsombazo mukazinge ndi batala. Sizifuna zambiri."

Jantine anayang'ana nyanja kumanzere kwake. Akanatha kutsegula chitseko n'kuliponya thumbalo m'madzi, koma chithunzi sichimira. Akanatha kubwerera kukalisiya pakhomo, koma kukana kawiri ngakhale Bambo Hessel sangakutche kuona mtima.

Kuchokera m'foni imene inali pamiyendo pake, mawu a Riekelt ankamveka aang'ono, akutali, ngati a munthu amene ali kale pakati pa nyanja.

"Jantine? Ulipo? Amayi ayamba kale kusita chipewa choti udzavale. Ubwera, eti?"

Kumbuyo, madzi oundana anali atayamba kusungunuka. Nyuzipepala ya Bambo Hessel inali itanyowa kale.